Kusankha hotela yotsika mtengo ku Makkah ndi ku Madinah

Ku Makkah mtengo wa chipinda umatengera kutalikirana kwake ndi Masjid al-Haram. Mahotela a mu Abraj al-Bait, nsanja ya wotchi ija yoyang'anana ndi Kaaba, ndi a anthu a matumba olemera. Enafe timagona ku Misfalah, ku Jarwal, kumunsi kwa msewu wa Ibrahim al-Khalil kapena ku Aziziyah, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Yambani ndi mwezi. Ngati mukupita ku Umrah, pewani masiku 10 omaliza a Ramadhani chifukwa mitengo imakwera koopsa. Hajj ndi nkhani ina: malo ogona, kuphatikizapo mahema a ku Mina, amakonza ndi okonza maulendo ovomerezeka. Wina akakunong'onezani za njira yachidule yopanda chilolezo cha Hajj, mukaneni. Mu 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa Hajj m'nyengo yotentha kwambiri, ndipo boma la Saudi Arabia linati ambiri mwa iwo analibe chilolezo. Opanda chilolezo salowa m'mahema ndi m'mabasi ozizira.

Kenako mtunda, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Akakuuzani kuti hotela ili pafupi, funsani dzina lake, mulilembe pa Google Maps, muone mphindi zoyenda wapansi mpaka pabwalo la mzikiti. Makkah ndi mzinda wa mapiri. Hotela ina ya ku Ajyad imaoneka yapafupi, koma pobwerera pali chitunda, ndipo swala ndi zisanu pa tsiku. Ngati mwatenga mayi okalamba kapena bambo ovutika maondo, wonjezerani ndalama pamenepa, muchepetse kwina. Hotela yakutali imene ili ndi basi yake si yoipa, bola mufunse ngati basiyo imayenda usiku wonse, kumene imatsitsa anthu, ndiponso mmene imayendera Lachisanu, pamene misewu yoyandikira mzikiti imatsekedwa nthawi ya Jumu'ah isanakwane.

Chipinda cha anthu anayi n'chotchipa pa munthu aliyense kuposa cha awiri, koma bafa ndi limodzi. Gwirizanani usiku kuti woyamba kusamba ndani, apo ayi Fajr ikupezani pamzere. Funsaninso za malifiti: nyumba yosanja kwambiri yokhala ndi malifiti ochepa imadya nthawi yanu adhana ikamveka. Firiji ndi ketulo zimapulumutsa ndalama za chakudya. Masoketi ambiri ndi a mano atatu ngati a ku Malawi, choncho chaja yanu ingolowa.

Ku Madinah zinthu n'zosavuta. Malo ozungulira Masjid an-Nabawi ndi athyathyathya, ndiye hotela yotalikirako siilemetsa miyendo.

Musanalipire, dzina la hotela, chiwerengero cha mabedi ndi masiku zilembedwe papepala. Mawu akuti "kapena ina yofanana nayo" musawalole osafunsa kuti inayo ndi iti. Funsani ola lolowera m'chipinda, chifukwa mahotela ambiri sapereka makiyi mpaka madzulo, pomwe ndege yanu mwina yatera ku Jeddah mbandakucha.

Mukangofika, tengani khadi la hotela lokhala ndi adiresi ya Chiarabu, mupatse aliyense wa pagulu lanu lakelake, alisunge m'kachikwama ka m'chiuno. Zipata za Masjid al-Haram n'zambiri, ndipo amene wasochera angolionetsa kwa wapolisi kapena woyendetsa takisi.