Ophunzira ndi Makina Oyankha Mafunso: Kodi Ntchitoyo ndi ya Yani?

Kuyambira pa 30 Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ife aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite tili ndi vuto limene sitinalikonzekere. Wophunzira amalemba mutu wa chimangirizo pa foni, ndipo mphindi isanathe makina amamulembera masamba aŵiri m'Chingerezi chosalala.

Ndikamacheza ndi ophunzira anga ndimapeza kuti ambiri saona ngati kumeneku nkubera. Iwo amati kubera nkukopera za mnzako; nanga makina poti si munthu, walakwiridwa ndani? Ena amati nchimodzimodzi kufunsa mkulu wako kunyumba. Maganizo ameneŵa tisafulumire kuwanyoza. Wophunzira amene wasoŵa buku m'laibulale, nafunsa makina kuti amufotokozere mfundo za Piaget m'mawu osavuta, sanalakwe konse. Kulakwa kumayamba pamene alemba dzina lake pamwamba pa maganizo amene sanadutse m'mutu mwake.

Tiyenera kuwauzanso mmene makinaŵa amagwirira ntchito. Sasiyanitsa choona ndi chonama. Amangolosera mawu oyenera kutsatana, potengera zolembedwa zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. Nchifukwa chake nthaŵi zina amapeka mabuku amene kulibe. Mu 2023 khoti la ku New York linalipitsa maloya aŵiri ndi kampani yawo madola 5,000 chifukwa chotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka.

Nanga mphunzitsi achitenji? Ena amadalira mapulogalamu ofufuza ngati cholembedwa chachokera ku makina. Ine sindiwakhulupirira. OpenAI yomwe inasiya pulogalamu yake yotere mu Julaye 2023 chifukwa inkalakwitsa kaŵirikaŵiri, ndipo kunamizira wophunzira wosalakwa ndi mlandu waukulu.

Njira imene yandithandiza ndi yakalekale. Ndimauza aliyense kuti alembe pansi pa ntchito yake pamene makina anamuthandiza. Kenaka ndimaitana angapo, mmodzimmodzi, kwa mphindi zisanu, ndi kufunsa kuti, "Kodi m'ndime yachitatuyi mukutanthauzanji? Tandipatsani chitsanzo cha kusukulu kumene munakayeserera kuphunzitsa." Amene analemba yekha amayankha, ngakhale modzandira. Winayo amangoyang'ana pepala, ndipo pamenepo ndimamukumbutsa kuti chaka chamaŵa adzaima pamaso pa ana a Sitandade 5, wina mwa iwo adzakweza dzanja nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, chifukwa chiyani?"