PHUNZIRO: ZA KUPUMULA KU FACEBOOK NDI WHATSAPP

Abale ndi alongo a ku Linthipe ndi midzi ya patsinde pa phiri la Chongoni, mlimi ali yense adziwa kuti munda wolimidwa caka ndi caka uguga. Cifukwa cace makolo athu anali kuusiya ugonere. Mtima wa munthu uteronso. Koma lero ambiri a ife maso sacoka pa foni kuyambira mbandakuca kufikira usiku.

1. Cifukwa ninji kuleka kubvuta? Facebook inayamba m'caka ca 2004, WhatsApp m'caka ca 2009, ndipo zonse ziwiri ziri m'manja mwa kampani ya ku America, dzina lace Meta. Cuma cace cocuruka cicokera kwa amalonda, amene alipira kuti katundu wao aoneke pamaso panu. Potero eni ace anakonza Facebook mocenjera kuti mukhalitsepo: nkhani imodzi isanathe, inzace yafika kale. Inu mulipira kawiri, ndalama za bandulo ndi nthawi yanu.

2. Kodi kupumula kupindula? M'caka ca 2018 aphunzitsi a masukulu akuru a Stanford ndi New York anapempha anthu ena atseke Facebook masabata anai. Otsekawo anaombola ngati ora limodzi tsiku liri lonse, naceza koposa ndi abale ao, ndipo mitima yao inapepukako. Nkhani zina za dziko zinawapitirira ndithu. Koma masabatawo atatha, ambiri sanakhalitsepo monga kale.

3. Ticite bwanji? Yambani ndi tsiku limodzi, la Sabata. Mukakhoza, yesani mulungu wathunthu m'nyengo yopalira, m'Disembala kapena Januwale, pakuti udzu sudikira munthu, ndipo mapanga awiri abvumbwitsa. Musanatseke, uzani ana anu a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, angade nkhawa. Uthenga wa matenda kapena maliro aimbe lamya. Wogulitsa tomato ndi mbatatesi pa mseu wa M1, amene amva mitengo pa WhatsApp, asataye malonda ace ai. Aike nthawi imodzi madzulo, akatha atseke. Pa nthawi ya nsima foni ikhale m'cipinda. Masiku oyamba dzanja lidzaifunafuna lokha. Musacite manyazi, ndico cizindikiro ca kuti cizolowezi cinazika mizu. Nthawi yoomboledwayo musaisiye yopanda nchito, pakuti munda wosabzalidwa umera cisoso: kazondeni odwala, imvani mwana awerenge.

Mafunso:
(a) Munagula bandulo wa ndalama zingati mwezi wathawu?
(b) Ndani m'nyumba mwanu analankhula nanu dzulo, inu maso ali pa foni?
(c) Mudzayamba tsiku liti?