PHUNZIRO: ZA BWENZI LA PA TSIKU LA MASAUTSO

Inu akatekumeni okondedwa, amene mulikukonzekera ubatizo wa pa Pasaka, cherani khutu. Wina angafunse kuti: kodi ubwenzi uli ndi malo anji m'katekisimu? Yankho lace nali: cikhulupiriro ndi mtolo wa mtengo wapatali, koma pa nthawi ya njala, ya nkhondo kapena ya matenda umalemera, ndipo munthu wousenza yekha amautula panjira. Makolo athu anati: kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

1. ZIMENE MALEMBO OYERA ATIPHUNZITSA

Pa Marko mutu 2 timamva za munthu wofa ziwalo wa ku Kapernao. Iye sakanatha kudzifikira kwa Ambuye Yezu. Anzace anai anamnyamula pa mphasa, ndipo atapeza kuti khamu la anthu latseka pakhomo, anakwera pa denga, nalisasula, namtsitsira pamaso pa Ambuye. Zindikirani ici: Mlembi Woyera akuti Yezu anaona cikhulupiriro ca onyamulawo. Wodwalayo anakhululukidwa macimo ace, nacira, cifukwa anali ndi abwenzi osabwerera pakhomo.

Yezu mwini sanayende yekha. Anatuma ophunzira ace awiriawiri. Pa mgonero wotsiriza anawachula abwenzi ace, monga tiwerenga pa Yohane mutu 15. M'munda wa Getsemani, mtima wace utadzaza ndi cisoni, anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane kuti acezere naye, koma iwo anagona tulo. Ngati Mwana wa Mulungu anafuna anzace pa usiku wa masautso, nanga inu ndi ine ndife yani kuti tinene kuti tidzalimba tokha?

2. ZIMENE ZINACITIKA M'DZIKO LATHU LA TETE

Akuluakulu a kuno ku Maravia akudziwa masautso. Nkhondo ya ufulu inafika m'cigawo ca Tete m'caka ca 1968. Ufulu utabwera m'caka ca 1975, masukulu ndi zipatala za mishoni zinapita m'manja mwa boma, ndipo ansembe ambiri anacoka. M'caka ca 1977, pa msonkhano waukulu wa ku Beira, Eklezia wa m'Mozambique anatsimikiza zoti akristu alimbike m'timagulu ta m'midzi, aliyense ndi udindo wace. Pambuyo pace nkhondo yaciwiri inakula, kufikira mtendere wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu ambiri a kuno anaolokera ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Funsani amene anabwerako kuti anasunga bwanji mapemphero m'zaka zopanda Misa. Adzakuchulirani dzina la mnzao amene ankawadzutsa pa Sabata, amene anawagawira ufa wotsala pansi pa dengu.

M'zaka zomwezo, kum'mawa kwa ife ku Angonia, kunali ansembe awiri a gulu la Ajezuiti. Woyamba anali Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia komweko, wobadwa m'caka ca 1930. Waciwiri anali Bambo Sílvio Alves Moreira, wobadwira ku Portugal m'caka ca 1941. Taganizirani: wina wakuda, wina mzungu, wina wa mtundu umene unalamulidwa, wina wa mtundu umene unalamula, ndipo zilonda za nkhondo zinali zisanapole. Koma awiriwa anakhala nyumba imodzi ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, napemphera pamodzi, nadya pamodzi, natumikira akristu a m'midzi.

Malire a Malawi sali patali ndi Chapotera, ndipo anthu ambiri anali kuthawira kumeneko. Ansembewo anatsala ndi nkhosa zao. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 kunafika anthu a mfuti, nawatenga onse awiri, nakawapha. Mitembo yao inapezeka patapita masiku angapo. M'caka ca 2021 Dayosizi ya Tete inayamba kufufuza za moyo wao ndi imfa yao, kuti Eklezia adzaweruze ngati ali oyenera kuchedwa Odala.

Musaganize kuti ubwenzi unawapulumutsa ku imfa, sunatero ai. Cimene tiona n'cakuti panalibe wosiya mnzace, ndiponso panalibe wosiya nchito imene Mulungu anampatsa. Mphatso ya bwenzi lacikristu ndi imeneyi: silicotsa mtanda, koma limakuthandizani kuti musautaye.

3. KUSIYANITSA BWENZI LOONA NDI BWENZI LONYENGA

Alipo abwenzi a pa mowa, amene amacuruka nkhokwe ikadzaza, nabalalika ikatha. Alipo abwenzi oti ponda apa nane mpondepo, amene amavomera ciliconse cimene munena, ngakhale mulikulowera kuphompho. Mwana wanu akadwala, bwenzi lotere lidzakunong'onezani dzina la nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo yamlodza, nilikusonkhezerani cidani.

Bwenzi loona mudzalidziwa ndi zizindikiro zinai. Coyamba, limabwera osaitanidwa likamva kuti kwanu kwagwa zovuta. Caciwiri, limasunga cinsinsi canu, osapita naco kucitsime kapena kubwalo. Cacitatu, limakudzudzulani pa awiri mukalakwa, pakuti limaopa cimo lanu koposa mkwiyo wanu. Cacinai, limakupemphererani, ndipo mukafooka limakutengani kunka nanu kwa Yezu monga anacitira anthu anai aja. Bwenzi lotere silisankhidwa poyang'ana mtundu. Mcewa, Mnsenga, Mnyungwe kapena mlendo, onse amabatizidwa ndi madzi amodzi.

4. ZOTI MUCITE

Musanabatizidwe mudzasankha nkhoswe ya ubatizo, amene pa Cipwitikizi timati padrinho kapena madrinha. Ambiri amasankha munthu wacuma, poyembekeza nsalu yatsopano kapena mbuzi ya pa phwando. Musatero inu. Sankhani mkristu wa makhalidwe abwino, wokhala pafupi nanu, amene mungathe kumgogodera usiku osacita manyazi.

Ubwenzi suyambidwa pa tsiku la maliro, monganso munda sulimidwa pa tsiku lokolola. Yambani tsopano. Sabata ino pitani kwa mnzanu wa m'kalasi lino amene waleka kubwera, mukamve comwe camgwera. Ngati wadwala, kamtungireni madzi, kampalireni m'munda. Ndipo musangofunafuna bwenzi labwino, koma mudzifunse kuti: kodi ine ndine bwenzi lotani kwa anzanga?

MAFUNSO OBWEREZA

F. Kodi Yezu anaona cikhulupiriro ca yani ku Kapernao?
Y. Anaona cikhulupiriro ca anthu amene anabwera ndi wofa ziwalo.

F. Kodi bwenzi lacikristu limacotsa masautso?
Y. Iai, koma limatithandiza kupirira osataya cikhulupiriro.

F. Tiphunziranji kwa ansembe awiri a ku Chapotera?
Y. Tiphunzira kuti mwa Kristu anthu a mitundu yosiyana angakhale abwenzi okhulupirika mpaka imfa.

F. Tisankhe munthu wotani kuti akhale nkhoswe ya ubatizo wathu?
Y. Tisankhe mkristu wolimba, wonena zoona, amene adzakhala nafe pa mtendere ndi pa masautso pomwe.

PEMPHERO

Ambuye Yezu, Inu amene munatichula abwenzi anu, mutipatse anzathu otinyamula pamene tafooka. Mutipatsenso mphamvu zonyamula ena, kuti tisagone tulo pamene mnzathu ali m'masautso. Mutisunge tonse m'cikondi canu kufikira tidzaonane kwa Atate. Amen.