Phunziro la Mwezi Uno: Mwana Wolamula Pakhomo

Makolo anzathu a ku Amaramba, mwana akafika zaka 2 kapena 3 amayamba kulamula: "Ayi!" "Ndi changa!" "Amayi, ndiberekeni!" Mukamukaniza amadzigwetsa pansi n'kulira. Amenewa si matenda kapena mwano. Pa msinkhu umenewu mwana wangozindikira kuti ali ndi zofuna zake, koma mawu akadali ochepa ndipo sanaphunzire kudikira.

Vuto limabwera akamakana zinthu zoteteza moyo wake. Kuno kufupi ndi nyanja udzudzu ndi wambiri. Mukamugonjera pamene akukana kugona mu neti, akhoza kudwala malungo.

Tichite chiyani?

1. Pa zazing'ono mulekeni asankhe: "Ukufuna kapu iyi kapena iyo?"
2. Pa neti, mankhwala, moto ndi kusewera m'mbali mwa nyanja, palibe kukambirana. Nenani mawu ochepa, modekha, ndipo musasinthe.
3. Akadzigwetsa, musamumenye kapena kumuopseza ndi jekeseni. Adzayamba kuopa chipatala. Khalani pafupi mpaka atatonthola.
4. Bambo, mayi ndi agogo agwirizane. Mayi akakana, agogo asalole.
5. Akamvera, muyamikireni pomwepo.

Dziwani izi: mwana akamalira mosalekeza, thupi litatentha, kapena akukana kudya, si nkhani ya khalidwe. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Paja kuwongola mtengo m'poyamba.

Funso lokambirana pagulu: Kwanu ndani amagonjera mwana msanga, ndipo mungagwirizane bwanji?