Top Quark: Amaiyeza Bwanji Popeza Palibe Anaionapo? Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka n'ka ophunzira a ku sekondale ndi aphunzitsi a sayansi m'maboma a Machinga ndi Balaka, komanso aliyense amene sachita manyazi kufunsa. Nkhani yake imachitikira kutali, koma nzeru zake mwana wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe akhoza kuzimvetsa bwinobwino.

1. Kodi top quark n'chiyani?

Mpunga wa kudambo la Chilwa, madzi a mu Shire, mwala wa m'phiri la Chikala, zonsezi zinapangidwa ndi maatomu. Pakatikati pa atomu pali mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo m'kati mwawo muli tinthu tochepetsetsa totchedwa ma quark. Oyamba kunena za tinthuti anali Murray Gell-Mann ndi George Zweig mu 1964. Lero tikudziwa mitundu 6: up, down, strange, charm, bottom ndi top. Mapulotoni ndi manyutuloni a m'matupi athu amamangidwa ndi up ndi down. Top ndiyo yolemera kuposa tinthu tonse tosagawika timene anthu atulukira mpaka pano.

2. Ndi yolemera motani?

Muyeso wake ndi GeV. Pulotoni imodzi siikwana GeV imodzi, pamene top quark imafika 172.5 GeV, kuwirikiza pulotoni pafupifupi ka 184. Taganizirani miyala ya m'phiri la Kangankunde ku Balaka, imene muli neodymium wopangira maginito amphamvu. Atomu yathunthu ya neodymium, yokhala ndi mapulotoni 60 ndi manyutuloni oposa 80, ndi yopepuka poiyerekeza ndi top quark imodzi yokha.

3. Nanga imapezeka kuti?

Simungaikumbe pansi. Akatswiri amachita kuipanga pothamangitsa mapulotoni pa liwiro loyandikira la kuwala, n'kuwawombanitsa maso ndi maso. Mphamvu ya kugundanako imasanduka tinthu tatsopano tolemera, monga mmene masamu a Albert Einstein amanenera.

Makoto Kobayashi ndi Toshihide Maskawa a ku Japan analosera mu 1973 kuti ma quark ayenera kukwana 6. Top inavuta kupeza mpaka pa 2 Malichi 1995, pamene magulu awiri, CDF ndi DZero, analengeza kuti aipeza pa makina a Tevatron ku Fermilab, pafupi ndi Chicago. Masiku ano ntchitoyi ili ku CERN, pafupi ndi Geneva, pa makina a LHC. Iyi ndi ngalande yozungulira ya makilomita 27, yocheperako pang'ono poyerekeza ndi mtunda wa pakati pa Liwonde ndi Balaka, ndipo ili pansi panthaka pafupifupi mamita 100.

4. Kodi alipo amene anaiona ndi maso?

Palibe, ndipo sadzakhalapo. Gawani sekondi imodzi ka thiriliyoni, gawo limodzilo muligawenso ka thiriliyoni, kenaka mutenge theka lake: umenewo ndiwo moyo wa top quark. Ikangobadwa, imasweka n'kukhala tinthu tiwiri, W boson ndi bottom quark.

Mlimi wa m'mbali mwa Shire ku Liwonde akapeza mapazi m'munda m'mamawa, safunika kuiona mvuu. Mapaziwo amamuuza kumene inatulukira, kumene inalowera, ndiponso ngati inali yaikulu kapena mwana. Akatswiri nawonso amawerenga mapazi.

5. Mapaziwo amawawerenga bwanji?

Pamalo ogundanirana mapulotoni ku LHC anazunguliza makina akuluakulu ojambula, monga ATLAS ndi CMS. A ATLAS ndi otalika mamita 46 ndipo amalemera matani 7,000. A CMS ndi aafupiko koma amalemera matani 14,000. Maginito amphamvu amakhotetsa njira ya kanthu kalikonse kokhala ndi magetsi. Kamene kakhota pang'ono ndiye kuti kanali ndi mphamvu zambiri. Kunja kwa gawo lojambula njirazi kuli zigawo zoimitsa tinthuto n'kuyeza mphamvu zake.

Kawirikawiri top quark imabadwa ndi inzake yotsutsana nayo, antitop. Phazi lililonse la zidutswa zake lili ndi chizindikiro chake. Quark ikathawa imasanduka mtsinje wa tinthu tambiri tolunjika kumodzi, wotchedwa jet. Jet ya bottom imadziwika chifukwa kanthu konyamula bottom kamayenda mamilimita ochepa kasanasweke. W boson imasweka kukhala ma jet awiri, kapena elekitironi kapena muon limodzi ndi neutrino. Neutrino imadutsa m'makina osasiya phazi. Amaidziwa poona kuti mbali ina yapendekeka: zinthu zathawira kuno, koma uko kulibe choyenera kulinganiza. Akaphatikiza mphamvu ndi njira za zidutswa zonsezi, masamu amabweza kulemera kwa kholo lake.

6. Angatsimikize bwanji kuti sanadzinamize?

Apa m'pamene pagona ntchito yeniyeni. Kugundana kumodzi sikunena kanthu, choncho amasonkhanitsa zochitika masauzande ambirimbiri n'kuona pamene manambala aunjikana. Sikelo yawo amaiyesa ndi W boson, imene kulemera kwake n'kodziwika kale, 80.4 GeV. Komanso ATLAS ndi CMS ndi magulu osiyana, makina osiyana, ndipo aliyense amawerengera payekha. Ataphatikiza zotsatira zawo mu 2024 anapeza 172.52 GeV, n'kunena poyera kuti akhoza kuphonya ndi 0.33 GeV uku kapena uku. Wasayansi woona amatchula nambala pamodzi ndi malire a kukayikira kwake.

7. Kupatula kulemera, amayezanso chiyani?

Amayeza magetsi ake, amene ndi magawo awiri mwa atatu a magetsi a pulotoni. Amayezanso kuchuluka kwa nthawi zimene imabadwa. Ndiponso kazunguliridwe kake kotchedwa spin. Ma quark ena amamatirirana ndi anzawo asanasweke, mapazi n'kusokonekera. Top imafa isanapeze mpata umenewo, ndiye zidutswa zake zimasunga khalidwe lake losasakanizika. Mu 2023 ATLAS ndi CMS anaona ngakhale ma top anayi atabadwa pa kugundana kumodzi.

8. Bwanji akulimbikira chotere pa nambala imodzi?

Chifukwa manambala a m'chilengedwe ndi olumikizana. Kulemera kwa top, kwa W ndi kwa Higgs boson, imene inapezeka mu 2012 ili ndi 125 GeV, kuyenera kugwirizana malinga ndi chiphunzitso cha Standard Model. Zikadzapezeka kuti sizikugwirizana, tidzadziwa kuti kuli kanthu kena kamene sitinakatulukire.

9. Ife kuno tipindulanji?

Top quark siikulitsa chimanga, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Koma luso lothamangitsa tinthuti ndi lomwe lili m'makina a X-ray ndi m'makina ootchera khansa. World Wide Web, imene timatsegula pa foni, anaiyambitsa Tim Berners-Lee ku CERN mu 1989 kuti akatswiri azigawana zimene apeza.

10. Mwana wa ku Machinga kapena ku Balaka angafikeko?

Njira ilipo. Imayamba ndi masamu ndi fizikisi pa MSCE, n'kupitirira ku yunivesite, monga ya University of Malawi ku Zomba. Mayunivesite a ku South Africa, monga Wits ndi Cape Town, ali m'gulu la ATLAS. Sukulu ya African School of Physics, imene inayamba mu 2010 ku Stellenbosch, imasonkhanitsa ophunzira a mu Africa muno. CERN inaikanso zina mwa zotsatira zake pa intaneti kwaulere.

Aphunzitsi, yambani ndi zimene muli nazo. Ophunzira ayeze chinthu chimodzi kakhumi, alembe kusiyana kwa mayankho, ndipo gulu lina liyezenso palokha. Mwana wozolowera kufunsa kuti "tadziwa bwanji, ndipo tingaphonye ndi zingati?" wayamba kale ntchito imene amagwira ku Geneva.