Lachitatu: Mwana wa Mlendo M'kalasi

Werengani Levitiko 19:33, 34 ndi Deuteronomo 10:18, 19. Kodi Yehova anapereka chifukwa chotani polamula Aisrayeli kukonda mlendo?

Lamuloli silinalekeze pa kuletsa nkhanza. Linafuna kuti mlendo ayesedwe monga mbadwa, popeza Aisrayeli eni ake anazilawa zowawa za kudziko la eni ku Aigupto.

Boma la Siad Barre litagwa ku Somalia mu 1991, anthu miyandamiyanda anathawira ku Kenya, kumene misasa ya Dadaab inatsegulidwa kuti iwalandire. Ana ambiri anabadwira m'misasamo, nakula, naberekanso ana awo, osaliwonako dziko la makolo awo. Kunyumba alankhula Chisomali. Kusukulu aphunzira m'Chingerezi ndi m'Chiswahili, nalemba mayeso a dziko la Kenya. Koma mu 2015 zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 148 pa yunivesite ya Garissa, ndipo mu 2016 boma linalengeza kuti litseka Dadaab. Bwalo lalikulu la milandu linaletsa zimenezi mu 2017. Taganizirani mtima wa mwana wa zaka khumi amene anamva kuti sukulu yake ingatsekedwe chifukwa cha mlandu umene iye sanapalamule!

Ena mwa ana amenewa amaphunzira m'mizinda, pakati pa ana a eni dziko. Kumenekonso, kulembedwa m'kaundula sindiko kulandiridwa. Mwana angathe kukhala pa benchi chaka chathunthu popanda womuitana kumpira, anzake akuseka dzina lake ndi kalankhulidwe kake.

Pafupifupi onsewa ndi Asilamu, ndipo apa ndi pamene ena a ife timabwerera m'mbuyo. Komatu ife Aadventi tikanayenera kukhala oyamba kuwamvetsa. Tidziwa umo mwana wathu amavutikira mayeso akaikidwa pa Sabata, kapena akatonzedwa chifukwa chokana nyama ya nkhumba, imene mwana wa Chisomali nayenso sadya. Onaninso kuti ndime ya Levitiko sinena kuti mlendo ayambe wasiya chipembedzo chake kuti akondedwe.

Werengani Mateyu 2:13-15. Kodi Yesu ali khanda anapulumukira kuti, ndipo anakhalako monga ndani?

Zoti tikambirane: Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994, walandirakonso mabanja ena ochokera ku Somalia. Mtsikana wovala mpango kumutu atalowa m'kalasi la sukulu ya mpingo wathu Lolemba likudzali, kodi ana athu adzamuchitira chiyani? Nanga akhala akumva zotani za anthu ake pakamwa pathu kunyumba?