Msana ukamapweteka: zimene ndinaphunzira poperekeza mnansi wanga kuchipatala

Abale ndi alongo a muno mu Dzaleka, ambirife msana umatipweteka chifukwa chosenza madzi, nkhuni ndi matumba. Ululu wotere kawirikawiri umatha wokha pakapita masabata ochepa, ndipo safunika kujambula. Koma ulipo wina wosayenera kuudikira.

Chaka chatha mayi ena oyandikana nane anadwala msana miyezi inayi. Ankawonda, ankatuluka thukuta usiku, ndipo pamsana panatuluka kalinunda. Iwo ankangomwa panado. Miyendo itayamba kulemera, ndinawaperekeza kuchipatala cha mu kampu. Anatipatsa kalata, mpaka tinakafika ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, ine ndikuwamasulira m'Chiswahili.

Kumeneko ndinaphunzira kuti kujambula msana kulipo kwa mitundu itatu. X-ray imaonetsa mafupa, ngati athyoka kapena adyeka. CT scan imaonetsa mafupa omwewo mwatsatanetsatane. MRI imagwiritsa ntchito maginito, ndipo imaonetsa mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana ndi timapilo tofewa tokhala pakati pa mafupa. Makina a MRI amasokosa, koma sapweteka. Mumangogona osagwedezeka pafupifupi mphindi 30. Vulani ndolo ndi zitsulo zonse, ndipo ngati muli ndi chitsulo m'thupi kapena muli oyembekezera, auzeni adokotala asanakujambuleni.

Mayi aja anawapeza ndi TB ya msana. Ambiri timaganiza kuti TB ndi chifuwa basi, koma imadyanso mafupa. Fupa likadyeka limaphwanyika n'kupanikiza mtsempha uja, miyendo n'kufa. Odwala ambiri amachira ndi mankhwala okha, amene amamwedwa miyezi 9 mpaka 12 ndipo ndi aulere. Opaleshoni imabwera pamene mtsempha wapanikizika kapena msana sukulimba. Madokotala amachotsa mafinya ndi zidutswa za fupa, nthawi zina n'kumanga msana ndi tizitsulo. Mayi aja mankhwala okha anakwanira, ndipo lero akuyenda okha kupita kumsika.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati msana ukupweteka ndipo:
1. miyendo yafooka kapena yachita dzanzi;
2. mkodzo kapena chimbudzi chikungotuluka, kapena mkodzo wakanika;
3. pakati pa ntchafu pachita dzanzi;
4. mwagwa kuchokera pamwamba kapena mwachita ngozi.

Ngati mukuwonda kapena kutentha thupi usiku, musathe sabata musanapimitse. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali nthawi zina subwereranso mwakale. Ngati chikukuvutani ndi chilankhulo, tiuzeni ife odzipereka, tikuperekezani.